Ndege yathu inakwera mwadzidzidzi tili m'mwamba: kodi zimenezi zimachitika bwanji?

Anachisale: Abale anga pa gulu pano, ndithandizeni kumvetsa. Sabata yatha ndinali m'ndege usiku, magetsi atazimitsidwa, anthu ambiri akugona. Mwadzidzidzi ndinangomva thupi likulemera pampando, injini zikulira mosiyana ndi poyamba. Mayi amene ndinakhala nawo pafupi anali atagwira kapu ya madzi, madziwo anawatayikira pamiyendo. Sizinatenge nthawi, kenako zonse zinabwerera mwakale. Patapita mphindi zingapo woyendetsa analankhula modekha kuti ndege ina inatiyandikira ndipo makina anawauza kuti akwere. Kuchokera tsiku limenelo mtima sunakhale pansi. Kumwamba kuja malo ndi aakulu chonchija, ndege ziwiri zingakumane bwanji? Nanga anthu apansi amene amazilondolera amakhala akuchita chiyani?

Mayi a Tadala: Pepani kwambiri achemwali. Tithokoze kuti munafika. Ine ndikanakomoka.

A Mbewe: Pepani Anachisale. Ntchito yolondolera ndege ndinaigwira zaka zambiri ndisanapume, choncho ndiyesa kufotokoza. Choyamba dziwani kuti zimene munamvazo ndi umboni wakuti chitetezo chomaliza chinagwira ntchito yake. Kumwamba ndi kwakukulu, inde, koma ndege siziuluka mwachisawawa. Zili ndi misewu yake, ndipo misewuyo imadutsana. Pakati pa mafiti 29,000 ndi 41,000 ndege ziwiri zimasiyana ndi mafiti 1,000 okha kumtunda ndi kumunsi, amene ndi mamita pafupifupi 300. Zikakhala pa msinkhu umodzi, kumene kuli rada timazitalikitsa kawirikawiri makilomita 9 ndi pang'ono. Amaoneka ambiri, koma ndege iliyonse ikuthamanga makilomita oposa 800 pa ola. Zikayang'anizana, makilomita 9 aja amatha m'masekondi 20. Ndipo chimene chimagwira dongosolo lonseli ndi mawu a pa wailesi. Munthu wapansi amalankhula, woyendetsa amamva. Nambala imodzi ikapita pakhutu lolakwika, basi ndege ziwiri zili pa msinkhu umodzi.

Chikondi: Ndiwonjezere chitsanzo bambo, chifukwa ife amene tikuphunzira kuyendetsa ndege nkhani iyi amatiphunzitsa koyambirira. Pa 31 January 2001 ku Japan, pamwamba pa Suruga Bay, ndege ziwiri za Japan Airlines zinatsala pang'ono kuwombana. Ina inali nambala 907, Boeing 747, ina nambala 958, DC-10. Wolondolera, amene anali akadali pa maphunziro, ankafuna kuuza 958 kuti itsike koma pakamwa panatuluka 907. Makina a m'ndege ya 907 anati kwerani, koma woyendetsa anatsata mawu apansi n'kutsika. Nayo 958 inali kutsika motsata makina ake. Woyendetsa 747 ataiona inzakeyo ndi maso anagwetsa mphuno ya ndege mwamphamvu n'kudutsa kunsi kwake. M'ndege ziwirizo munali anthu 677. Palibe anamwalira, koma pafupifupi 100 anavulala.

Mayi a Tadala: Ndiye munthu wosokoneza manambala ameneyo amamusiyiranji pa ntchito ngati imeneyo? Miyoyo 677 si masewera. Ine ndikuona kuti anthu otere azilangidwa kuti ena atengerepo phunziro.

A Mbewe: Mayi a Tadala, ululu umene mukulankhulirawo ndikuumva, ndipo ndibwereranso ku nkhani ya chilango. Koma ndiloleni kaye ndikuuzeni zimene zinandichitikira ineyo. Usiku wina ndinali ndi ndege ziwiri za kampani imodzi pa wailesi yanga, mayina awo oitanira ofanana kupatula manambala awiri omaliza amene anali otembenuzana. Ndinauza imodzi kuti ikwere. Yankho linabwera msanga, msinkhu wolondola, zonse bwino. Dzanja langa linali litapita kale kukalemba, maso atapita ku ndege ina. Koma china chake chinandikoka mumtima: mawu amene anayankhawo anali a mzimayi, pamene ndege imene ndinaiuza inkalankhulidwa ndi mwamuna kuyambira pamene inalowa m'dera langa. Nditayang'ana pa sikilini, nambala ya msinkhu wa ndege inayo inali itayamba kusintha, ndipo pamwamba pake pankabwera ndege yachitatu. Ndinaiimitsa isanakwere mafiti 300. Nditachoka pampando manja ankanjenjemera moti ndinalephera kumasula mahedifoni. Nambala yolakwika ija inatchulidwa momveka bwino poyankha, inalowa m'khutu mwanga, koma sindinaimve. Khutu la munthu limamva chimene likuyembekezera. Chimenecho ndiye chilombo chenicheni pa ntchito imeneyi.

Chikondi: Bambo, tsitsi laima. Ifenso aphunzitsi amatiuza zomwezo, kuti woyendetsa amene wakhala akudikira chilolezo chokwera amalumphira mawu aliwonse omveka ngati ake.

Limbani: Ndifunse nawo. Kuyankha mukunenaku ndi lamulo kapena ulemu chabe?

A Mbewe: Ndi lamulo achimwene. Ndikapereka msinkhu, mbali yolowera, liwiro, msewu wonyamukira kapena wotera, woyendetsa ayenera kubwereza mawu omwewo pamodzi ndi dzina loitanira ndege yake. Kungoti ndamva sikokwanira. Ine ntchito yanga ndi kumvetsera kubwerezako ngati kuti sindikudziwa chimene ndinanena. M'chipinda choyendetsera namonso amakhala awiri: wina amaika nambala pa makina, winayo amaiyang'ana n'kuitchula mokweza. Masiku ano rada zamakono zimatha kuonetsa wolondolera msinkhu umene woyendetsa waika pa makina ake, ndiye cholakwika chimaoneka ndege isanasunthe n'komwe. Ku Europe makampani ambiri anayamba kusakaniza manambala ndi zilembo pa mayina oitanira kuti asamafanane. Ngakhale katchulidwe ka manambala kanasinthidwa dala: 9 amati niner, 3 amati tree, 5 amati fife, kuti zisasokonekere wailesi ikamachita phokoso. Ndipo amene sanamve bwino amangoti say again, kutanthauza bwerezani. Safunsa anadya phula. Woyendetsa wa zaka 30 pa ntchito amene amandipempha kuti ndibwereze ndinkamulemekeza kuposa wachangu amene amangoyankha.

Anachisale: Zikomo bambo. Ndiye makina amene anatipulumutsa ife aja ndi otani?

Chikondi: Amatchedwa TCAS achemwali. Ndege iliyonse yaikulu imakhala ndi chipangizo chotchedwa transponder chimene chimalengeza msinkhu wake. TCAS imafunsa ma transponder a ndege zozungulira, n'kuwerengera kuti kwatsala masekondi angati kuti zikumane. Poyamba imachenjeza kuti "Traffic, traffic". Zikafika poipa, masekondi 15 mpaka 35 zisanakumane, imalamula "Climb, climb" kapena "Descend, descend". Chosangalatsa n'chakuti makina a ndege ziwirizo amagwirizana okha: ina ikauzidwa kukwera, inzake imauzidwa kutsika. Woyendetsa ayenera kuyamba kumvera pasanathe masekondi 5. Sizidalira munthu wapansi ngakhale pang'ono.

Limbani: Nanga wapansi akati tsika, makina akuti kwera, umvera ndani? Ine ndikanamvera munthu, chifukwa ndi amene akuona ndege zonse.

A Mbewe: Funso limenelo linayankhidwa ndi maliro, achimwene. Pa 1 July 2002 usiku, pamwamba pa Überlingen ku Germany, ndege ya Bashkirian Airlines, Tupolev 154, yochokera ku Moscow kupita ku Barcelona, ndi ndege yonyamula katundu ya DHL, Boeing 757, zonse zinali pa mafiti 36,000. Dera limenelo linkalondoleredwa kuchokera ku Zurich. Wolondolera anali yekha, mnzake atapita kukapuma, ndipo ankayang'anira masikilini awiri, kwinaku akuthandiza ndege ina imene inkafuna kutera ku Friedrichshafen. Usiku womwewo amisiri ankakonza makina, choncho chenjezo limene limaoneka pa sikilini silinkagwira ntchito, foni yaikulunso inali yozima. Anzake a ku Karlsruhe anaona ngoziyo ikubwera pa rada yawo, anayesa kuimba, foni osalowa. Iye anazindikira patatsala nthawi yosakwana mphindi imodzi, nauza Tupolev kuti itsike msanga. Patangopita masekondi ochepa TCAS ya mu Tupolev inati kwerani, ya mu DHL inati tsikani. A DHL anamvera makina. A Tupolev anamvera munthu, amenenso anabwereza lamulo lake osadziwa kuti makina alankhula kale. Zonse ziwiri zinatsikira pamodzi mpaka kuwombana. Anthu 71 anafa, ambiri mwa iwo ana asukulu a ku Ufa amene ankapita kutchuthi.

Taonani apa: wapansi samamva chimene TCAS yalamula pokhapokha woyendetsa amuuze. Rada yakenso imachedwa masekondi angapo. Pa nthawi imeneyo iye ndi amene akuona mochedwa. Ndiye lamulo la ICAO, bungwe loona za ndege padziko lonse, linamveketsedwa: TCAS ikalamula, tsatirani TCAS, ngakhale wapansi anene zosiyana. Woyendetsa amangonena kuti "TCAS RA", ndipo wolondolera amasiya kupereka malamulo kwa ndegeyo mpaka itanena kuti zadutsa. Makinawo anawakonzanso, mtundu wa 7.1 umatha kutembenuza lamulo ukaona kuti ndege inayo sikumvera. Chimene chimandiwawa n'chakuti chenjezo linali litabwera kale ku Japan kuja miyezi 17 m'mbuyomo.

Mayi a Tadala: Ana asukulu... Mulungu wanga. Ndalira.

Limbani: Ndabweza mawu anga bambo. Koma ndili ndi funso lina. Tonsefe timalemberana mauthenga pafoni tsiku lililonse. Bwanji ndege nazo osangolemberana, kusiya za wailesizi?

Chikondi: Zilipo kale achimwene, amati CPDLC. Wolondolera amatumiza uthenga wolembedwa, umafika pa sikilini ya ndege imodzi yokhayo, oyendetsa onse awiri amauwerenga n'kuuvomereza. Zinayambira kwambiri pamwamba pa nyanja zikuluzikulu kumene wailesi ya kutali imachita phokoso koopsa. Vuto la mayina ofanana ndi la katchulidwe limachepa kwambiri. Koma kulemba ndi kuwerenga kumatenga nthawi, ndiye pafupi ndi bwalo la ndege, pamene malamulo amasintha masekondi aliwonse, mawu apakamwa ndi amene amagwirabe ntchito.

A Mbewe: Palinso china chimene chimatayika polemba. Pa wailesi aliyense amamva za anzake. Kangapo konse woyendetsa wa ndege ina anandifunsapo kuti kodi si msinkhu umene mwapatsa kale uja? Makutu ambiri amagwira cholakwa. Uthenga wolembedwa amauona ndi awiri okha.

Koma wailesi ili ndi chilema chake chachikulu: amalankhula ndi mmodzi pa nthawi imodzi. Awiri akadina batani limodzi, kumangomveka kulira kwa mluzu, ndipo aliyense amaganiza kuti wamveka. Ngozi ya ku Tenerife pa 27 March 1977, ngakhale inachitikira pansi, imaonetsa zimenezi bwino. Kunali chifunga. Oyendetsa ndege ya KLM, akuyamba kunyamuka, ananena kuti "We are now at takeoff", mawu amene wolondolera wa pansanja anawamva ngati akuti aima pamalo onyamukira. Iye anayankha kuti OK, n'kupitiriza kuti adikire. Nthawi yomweyo oyendetsa ndege ina, ya Pan Am, ankanena kuti akadali pamsewu wonyamukirawo. Mawu awiriwo anaphimbana, a KLM anangomva bwino OK yekhayo. Ndege ya KLM inapitiriza kuthamanga n'kuwomba ya Pan Am, anthu 583 anafa. Kuyambira pamenepo liwu lakuti takeoff limatchulidwa pokhapokha popereka kapena pochotsa chilolezo chonyamuka. Nthawi zina zonse amati departure.

Chikondi: Zofanana nazo zinatchulidwanso pa ngozi ya ku Washington pa 29 January 2025, pamene ndege ya American Eagle inawombana ndi helikopita ya asilikali pamwamba pa mtsinje wa Potomac, anthu 67 n'kufa. Ofufuza a NTSB, bungwe la ku America lofufuza ngozi, ananena kuti mwina a m'helikopita sanamve mawu owauza kuti adutse kumbuyo kwa ndegeyo, chifukwa anadina batani la wailesi pa nthawi yomweyo. Ndipo pansi kwambiri chonchija, kunsi kwa mafiti pafupifupi 1,000, TCAS siilamula kukwera kapena kutsika.

Che Jafali: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine nkhawa yanga ndi chilankhulo. Ndege zimachokera m'mayiko onse, aliyense ndi lilime lake. Chingerezi chimene amalankhula pa wailesi chija, ine amene ndinaphunzira ndithu sindimvapo kanthu.

A Mbewe: Nkhawa yanu ndi yoona Che Jafali. Pa 12 November 1996, pafupi ndi Charkhi Dadri ku India, Boeing 747 ya Saudi Arabian Airlines inkachoka ku Delhi italoledwa kufika mafiti 14,000. Ilyushin 76 ya Kazakhstan Airlines inkabwera, italoledwa kutsika mpaka 15,000. Msewu unali umodzi, wolowera ndi wotulukira womwewo. M'ndege ya ku Kazakhstan wolankhula pa wailesi anali munthu wina wapadera, osati oyendetsawo, ndipo ndegeyo inapitirira kutsika kudutsa pa 15,000. Ofufuza anatchula kusamva bwino Chingerezi ngati chimodzi mwa zifukwa. Rada ya ku Delhi nthawi imeneyo sinkaonetsa msinkhu, ndipo ndege zonse ziwiri zinalibe TCAS. Anthu 349 anatha. Ku Zagreb mu 1976 wolondolera atapanikizika anayamba kulankhula chilankhulo cha kwawo ndi ndege ya Inex-Adria, ndiye oyendetsa ndege ya British Airways imene inawombana nayo sakanatha kumva kuti zimene zikukambidwazo zikukhudza iwo. Kumeneko kunafa anthu 176. N'chifukwa chake kuyambira mu March 2008 ICAO imafuna kuti oyendetsa ndi olondolera a maulendo a pakati pa mayiko akhoze mayeso a Chingerezi kufika pa gawo 4 mwa magawo 6.

Koma ndinene mosabisa maganizo anga. Amene ankandivutitsa kwambiri si amene Chingerezi anachiphunzira kusukulu ayi. Iwowo amagwira mawu ovomerezeka, mmodzimmodzi. Ovuta anali eni chilankhulo, amene amathamanga, kumeza mawu ndi kuika zining'a za kwawo. Pa wailesi sitifuna kudziwa kuti ndani wodziwa Chingerezi. Tifuna mawu ochepa, omwewo tsiku lililonse.

Chikondi: Ngakhale liwu limodzi lokha. Mu February 1989 ndege yonyamula katundu ya Flying Tiger ikuyandikira Kuala Lumpur inauzidwa "descend two four zero zero", kutanthauza mafiti 2,400. Oyendetsa anamva two ngati to, n'kutsikira ku 400. Inagunda phiri.

Mayi a Tadala: A Mbewe, munalonjeza kubwerera ku chilango. Ine sindinasinthe kwenikweni. Mwana wanga atafa chifukwa wina wasokoneza nambala, musandiuze kuti palibe wolakwa.

A Mbewe: Sindingakuuzeni choncho mayi. Munthu amene wabwera ku ntchito ataledzera, kapena waphwanya lamulo dala, kapena bwana amene wasiya munthu mmodzi pa mipando iwiri usiku foni itazima, ameneyo ayankhe mlandu. Ku Switzerland khoti mu 2007 linapeza olakwa anthu anayi a kampani yolondolera ndege ya ku Zurich ija. Mutu umodzi susenza denga, ndipo amene anausenzetsa ndiye afunsidwe. Koma kuterereka lilime ndi nkhani ina. Usiku uja wa ine, palibe akanadziwa. Ndinalemba lipoti ndekha m'mawa mwake, ndipo patapita milungu ingapo dzina loitanira la ndege imodzi ija linasinthidwa kuti ziwirizo zisamakumanenso pa wailesi imodzi. Ndikanadziwa kuti lipotilo lindipititsa kundende, kodi ndikanalemba? Ndipo msampha uja ukanadikira mnzanga wotsatira. Ku America kuyambira 1976 NASA, bungwe la boma loona za mumlengalenga, imalandira malipoti otere mwachinsinsi, ndipo zambiri zimene tikudziwa za kusamvana pa wailesi zinachokera m'malipoti a anthu odziulula okha. Ku Japan wolondolera uja ndi womuyang'anira wake anawapeza olakwa kukhoti, ndipo ambiri a ife tinada nkhawa kuti anthu ayamba kubisa. Wa ku Zurich uja anaphedwa pakhomo pake mu 2004 ndi bambo amene anataya mkazi ndi ana awiri pangoziyo. Imfa imeneyo sinakonze foni kapena kuwonjezera munthu pampando.

Mayi a Tadala: Ndamva. Za mabwanazo ndagwirizana nazo ndi mtima wonse. Zinazo ndiziganizirabe, chifukwa kwa wofedwa n'zovuta kulandira.

Che Jafali: Ndiye ndi TCAS imeneyi tinganene kuti kuwombana m'mwamba kunatha?

Chikondi: Kunachepa kwambiri koma sikunathe. TCAS imaona ndege yokhayo imene transponder yake ikugwira ntchito. Pa 29 September 2006 ku Brazil, Boeing 737 ya Gol ndi ndege yaing'ono ya Embraer Legacy zinali pa msewu umodzi, pa mafiti 37,000, zikuyang'anizana. Transponder ya Legacy inali itazima, ndipo kulankhulana kwake ndi apansi kunali kutaduka kwa nthawi yaitali, mbali zonse zikuitana osamvana. Palibe makina analira. Legacy inatha kutera, koma anthu 154 a mu Gol anafa onse.

A Mbewe: Pamenepo pali chinthu chimene anthu sachiganizira. Kale ndege zinkasochera pang'ono pamsewu, ina kumanja ina kumanzere, ndipo kusalondola kumeneko kunkapulumutsa. Masiku ano GPS imaziika pa mzere weniweni, ndiye cholakwa cha msinkhu chikachitika zimakumana mphuno ndi mphuno. N'chifukwa chake pamwamba pa nyanja ndi madera opanda rada oyendetsa amaloledwa kuuluka chakumanja kwa mzerewo, mpaka makilomita pafupifupi 4. M'madera ena a mu Africa kumene wailesi yapansi siifika bwino, oyendetsa amalengezana okha pa wailesi ya 126.9 kuti ndine uje, ndili pa msinkhu wakuti, ndifika pamalo akuti nthawi yakuti. Ndipo woyendetsa wanzeru akaona kuti wailesi yakhala chete nthawi yaitali sakhala phee, amaitana, akalephera amapita pa 121.5, wailesi ya pangozi imene aliyense amamvetsera.

Anachisale: Bambo Mbewe, Chikondi, nonse, zikomo kwambiri. Ndawerenga kawiri. Ndifunse komaliza: zimene zinatichitikira ife zija zimangothera pomwepo? Ndipo ine wokwera pali chimene ndingachite? Ndili ndi ulendo wobwerera Lachinayi.

A Mbewe: Sizithera pomwepo mayi. TCAS ikalamula, oyendetsa amalemba lipoti, wolondolera nayenso amalemba. Mawu onse a pa wailesi amajambulidwa, zithunzi za rada zimasungidwa, ndipo pali anthu amene adzakhala pansi kumvetsera sekondi iliyonse kuti apeze pamene panaduka. Mwina sipanalakwike mawu n'komwe, chifukwa nthawi zina TCAS imalira ndege ina ikamakwera mothamanga kupita pa msinkhu wake wololedwa, kunsi kwa wanu. Kwa inu wokwera, mangani lamba nthawi yonse imene mwakhala pansi, ngakhale chizindikiro chitazima. Ku Japan kuja ndege itagwetsa mphuno, anthu osamanga ndi ogwira ntchito amene anali chiimire ndi amene anaponyedwa kudenga.

Chikondi: Ndipo ngati muli ndi mwana, muonetsetse lamba wake musanagone inuyo.

Anachisale: Ndikhala naye wa zaka zinayi. Ndimumanga ndekha. Ndikafika ndidzalemba pano.